Mabuleki a kumbuyo akamamanga ma shoes ali atsopano

Galimoto yanga ndi Toyota Probox ya mtundu wakale uja wa handibuleki yokoka ndi dzanja. Ndimadyera yomweyo, kunyamula anthu ndi katundu pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndipo nthawi zina ndimakwera nayo ku Limbe kukaodera anthu a magolosale. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, itayandikira kutha ndinati ndikonzeretu mabuleki a kumbuyo, poti handibuleki inkakwera mpaka kumapeto koma galimoto n'kumaserereka ndikaiimika potsetsereka. Ndinagula ma shoes atsopano a mbali zonse ziwiri (zitsulo zopindika zimene zimakhuza m'kati mwa dilamu, mphika wachitsulo wozungulira pamodzi ndi tayala, kuti galimoto iime), masipuling'i ake, ndi wheel cylinder imodzi ya kumanzere, kachitsulo kokankha ma shoes ukaponda pedulo, chifukwa yakaleyo inkadontha mafuta a mabuleki (brake fluid). Mnyamata wina wa galaja ya pansi pa mtengo anandiikira zonsezi m'mawa umodzi. Poyang'ana ndi maso ntchito inali yaukhondo. Koma tsiku lomwelo galimoto inasintha kayendedwe.

Ponyamuka inkalemera chikhalirecho muli ine ndekha. Msewu wa M1 kuchokera pa Nchalo kulowera ku Ngabu ndi wathyathyathya, ndiye ukasiya kuponda mafuta galimoto imayenera kuyandama kamtunda ndithu isanafooke. Yanga inkafooka pompo. Kenako kunabwera fungo la chinthu chopserera, mpaka mayi wina amene anakhala mpando wa kumbuyo anafunsa kuti, "Adalaivala, kodi sitikupsa muno?" Petulo naye ankatha msanga, ndipo masiku ano aliyense akudziwa kuwawa kwake.

Kuno kuchigwa kuyeza kutentha kwa tayala ndi dzanja kumanamiza. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kumatentha kupitirira madigiri 40, moti chitsulo chilichonse chokhala padzuwa chimawotcha ngakhale galimoto isanayende. Chofunika ndi kufananiza. Mabuleki a kutsogolo ndi amene amagwira ntchito yaikulu poimitsa galimoto, choncho mukayenda bwinobwino malimu a kutsogolo amafunda kuposa a kumbuyo. Mukapeza kumbuyo kukutentha kuposa kutsogolo, kapena mbali imodzi ikuposa inzake, dziwani kuti pali chomwe chikukhuza. Ine ndinkangoyandikitsa kuseri kwa dzanja osakhudza. Pa limu ya kumanzere kadontho ka madzi kankati tsiii n'kuuma nthawi yomweyo. Kadontho kokha chonde. Mukathira chigubu chonse pa dilamu yotentha chonchi pofuna kuiziziritsa, imapindika kapena kung'aluka kumene.

Malangizo ndinalandira ambiri pa siteji. Oyamba ndi aja aliyense amanena: "Zatsopano zimatero aise, zizolowerana." Muli choona pang'ono. Ma shoes atsopano amakhala asanakhazikike mu dilamu, ndiye kaphokoso ka shii-shii ukamazunguza tayala ndi dzanja n'kabwinobwino. Koma tayala lofuna manja awiri kuti lizungulire, fungo ndi utsi, kumeneko si kuzolowerana. Ena anati tichotse ma shoes tiwapale ndi girayinda. Apa ndiye ndimakana mpaka lero. Wagula chinthu chifukwa cha kukhuthala kwake, ndiye uchipalenso? Enanso anati tingobweza ajasita, kachitsulo kochunira mpata wa pakati pa ma shoes ndi dilamu, mpaka tayala limasuke. Limamasukadi nthawi zina, koma pedulo imatsika pansi, handibuleki n'kukhalanso yachabechabe, pomwe chija chimamanga chikadali pomwepo.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wa ku Ngabu yemwe anakalambira pokonza mathirakitala ndi malole a m'minda ya nzimbe. Nditawafotokozera sanagwire sipanala ayi. Anati, "Mwana wanga, kayende nayo mpaka iyambe kununkha, ubwere nayo ili yotentha. Wodwala timamuona akudwala."

Nditabwera nayo tinaika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala a kutsogolo, tinanyamula kumbuyo konse n'kutsamiritsa galimoto pa zitsa zolimba, chifukwa jeki yokha pa dothi lamchenga la kuno siyodalirika. Handibuleki ili pansi, tayala la kumanja linkazungulira mokhuza. La kumanzere linkachita kukana.

"Ndiye titsegule, Madala?" ndinafunsa.

"Kutsegula n'komaliza. Yamba waganiza." Anandifotokozera kuti mu dilamu muli zinthu ziwiri zokha zokankha ma shoes kuti agwire: brake fluid kudzera mu wheel cylinder ukaponda pedulo, ndi kebulo ukakoka handibuleki. Chowabweza ndi chimodzi, masipuling'i basi. Ndiye buleki ikamanga, mwina kebulo sinasiye, mwina fluid sanabwerere, mwina masipuling'i akukoka koma china chatchinga njira, apo ayi m'dilamumo mulibe mpata chifukwa ajasita yatambasuka kwambiri kapena ma shoes si ake. Ukamafunsa chimodzichimodzi sugula zinthu mwachimbulimbuli.

Anayamba ndi kebulo poti n'kosavuta. Nati yake ili m'galimoto momwemo, patsinde pa handibuleki, ukachotsa kapulasitiki ka pakati pa mipando. Ataiona anaseka. Inali itamangidwa mpaka kumapeto kwa matiredi. Anaimasula mpaka kebulo inalendewera, ndipo tayala la kumanja linamasuka nthawi yomweyo, ukalikankha kamodzi n'kumazungulira lokha.

Nkhani yake ili chonchi. Ma shoes akamadyeka, pakati pa iwo ndi dilamu pamakula mpata. Mpatawo umayenera kutsekedwa ndi ajasita, kachitsulo ka matiredi kokhala ndi kagudumu ka mano kamene kamadzizunguza kokha pang'onopang'ono. Koma ndi fumbi ndi matope a kuno kagudumu kaja kamauma n'kusiya ntchito. Handibuleki ikayamba kukwera, njira yachidule imene ambiri amaidziwa ndi kumanga nati ya kebulo. Chaka chino pang'ono, chaka chamawa pang'ono, mwina kuyambira kwa mwini wake woyamba. Tsiku loika ma shoes okhuthala kebulo ija imakhala ikadali yofupikitsidwa molingana ndi ma shoes odyeka, ndiye ngakhale handibuleki ili pansi, kumatayala imakhala yakoka kale. Poonera pake ndi apa: dilamu ikachotsedwa, kalivala kamene kebulo imakoka kayenera kubwerera mpaka kukatsamira pamalo pake kuseri kwa shoe. Kakakhala m'malere, kebulo yamanga. N'chifukwa chake woika ma shoes atsopano ayenera kuyamba wamasula kebulo, achune ma shoes ndi ajasita, kebulo aimalizire. Ambiri amayambira kumapeto.

Kumanzere kunalibe kusintha, ndipo dilamu yake inakana kutuluka. Dilamu yakale imadyeka pomwe ma shoes amakhuza, m'mphepete n'kutsala kamlomo ka dzimbiri, ndiye ma shoes akatambasuka amakodwa kuseri kwa kamlomoko. Anyamata ambiri akafika apa amathamangira hamala yaikulu. Madala anachotsa karabala kuseri kwa mbale ija ma shoes amakhalapo, analowetsa sikuludiraiva yaing'ono kukankha kalivala ka ajasita, ndi ina n'kumazunguza kagudumu chobwerera. Kenako anatenga mabawuti awiri a M8 n'kuwalowetsa m'timabowo tiwiri ta matiredi timene timakhala pankhope pa madilamu a Toyota. Kumanga uku pang'ono, uku pang'ono, dilamu inatuluka yokha mwaulemu. Fumbi la m'kati analipukuta ndi kansalu konyowa. Sauzira ndi pakamwa kapena kompuresa, poti ma shoes ena otchipa akhoza kukhala ndi asbestos, ndipo fumbi limenelo likalowa m'mapapo silituluka.

Kebulo inali yomasulidwa kale kutsogolo, koma kalivala ka mbali iyi kanali kadakali m'malere. Anaikoka ndi pulayala. Inabwera movutikira, ndipo ataisiya sinabwerere. Titasuzumira pansi pa galimoto tinapeza karabala kotseka kukamwa kwa chimake cha kebulo katang'ambika, ndipo atapinda chimakecho munayoyoka dothi louma gwa, lofiira ndi dzimbiri. Sizodabwitsa kwa galimoto ya kuno. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya misewu yambiri ya Chikwawa ndi Nsanje ili m'madzi ndi m'matope, komanso ngakhale chaka chopanda namondwe, mtsinje wa Mwanza kapena wa Nkombedzi wa Fodya ukasefukira timadutsa m'madzi basi. Madziwo akalowa m'chimake amakhala momwemo. Ndi ma shoes odyeka mpata unali waukulu moti kukakamira kwa kebulo sikunkamveka. Ma shoes atsopano anangoulula vuto lomwe linalipo kale.

Ena amathiramo oyilo n'kumaikoka uku ndi uku mpaka ifewe. Zimakufikitsa kunyumba, koma kebulo yoti dzimbiri lalowa m'kati imadzaumanso mvula ikangoyamba. Ndinaitanitsa ina ku Blantyre pa minibasi.

Podikira kebuloyo Madala anakonza tina ting'onoting'ono timene tinadumphidwa poika ma shoes. Pa mbale ija pali timalo totukuka, kawirikawiri titatu pa shoe iliyonse, pomwe m'mphepete mwa shoe mumatsetsereka. Tinali touma, tina titakumbika timizere, ndiye shoe ikapita kukagwira inkakodwa pobwerera. Anasalaza ndi fayilo n'kupakapo girizi wa mabuleki uja wosasungunuka ndi kutentha, kachala kamodzi kokha, kongonyezimiritsa. Girizi wamba amasungunuka n'kuyenderera pa lining, mbali ya shoe imene imakhuza dilamu, buleki n'kutha mphamvu. Ajasita anaimasula yonse, anaikwecha ndi bulashi ya waya mpaka kagudumu kazizungulira ndi chala. Pa magalimoto ambiri ajasita ya kumanja ndi ya kumanzere zimasiyana matiredi, choncho osazisinthanitsa. Ndi bwino kumaliza mbali imodzi inzake isanatsegulidwe, kapena kujambula ndi foni musanachotse sipuling'i ngakhale imodzi, chifukwa sipuling'i yokoledwa pabowo lolakwika nayo imamangitsa buleki.

Anafunsanso ma shoes akale, mwamwayi anali m'buti. Anawagundanitsa ndi atsopano kuona m'lifupi, kupindika kwake ndi pomwe pali mabowo. Anali ofanana. Komabe musamataye akale musanayeze chonchi. Ma shoes a Probox, Corolla, Sienta ndi Vitz amafanana pooneka koma si onse amalowana, ndipo wogulitsa ukamufunsa amangoti, "Ndi omwewo bwana." Kamlomo ka dzimbiri kaja anakachotsa ndi fayilo. Anandionetsanso manambala olembedwa pa dilamu penipeni, osonyeza pomwe kudyeka kwake kuyenera kulekezera. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota dilamu yatsopano imakhala mamilimita 200 m'kati mwake, ndipo malire ndi 201. Milimita imodzi yokha. Ikadutsa apo, kukaisalazitsa pa makina n'kutaya ndalama.

Pochuna, dilamu izikhala yozizira. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndiye mukachuna ili yamoto, ikamazizira imabwerera n'kufinya ma shoes. Madala anazunguza kagudumu mpaka dilamu inayamba kulimba, anandiuza ndiponde pedulo kangapo kuti ma shoes akhale pakati, anayesanso, kenako anabweza mano pang'ono mpaka tayala lizizungulira ndi dzanja limodzi n'kumamveka ka shii kapansipansi. Atamaliza mbali zonse ziwiri m'pamene anabwerera ku nati ya kebulo, kumanga mpaka handibuleki izigwira pakati pa mano 6 ndi 9, muyezo wa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota. Anaitsitsa n'kuzunguzanso matayala. Onse anali omasuka.

M'chigwa muno galimoto inayenda bwino, petulo n'kubwerera m'malo mwake. Vuto linadzaonekanso pochokera ku Limbe nditadzaza sopo, mafuta ophikira ndi makatoni a zakumwa. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere pomwe Chikwawa ili cha m'ma 100 okha, ndipo kutsika kwakukulu kumachitika pa makhotakhota a phiri lija usanafike pa Thabwa. Ndimatsika ndi giya yaing'ono, komabe ndi katundu wotere buleki umaiponda kambirimbiri. Pofika pa Thabwa fungo lija linali litabwerera, kumanzere kokha. Ndinaima pambali ndisanawoloke mlatho wa Kamuzu, ndipo patapita kanthawi galimoto inamasuka yokha. Ndinawaimbira.

"Yamasuka yokha itapuma?"

"Eya, Madala."

"Chitsulo chikakodwa sichimasuka chifukwa choti wachidikira. Ameneyo akhala fluid. Bwera nayo pang'onopang'ono."

Kuyesa kwake n'kosavuta moti aliyense wokhala ndi sipanala ya 8 angathe. Galimoto ili m'mwamba, ndinaponda pedulo mwamphamvu kangapo n'kuchotsa phazi. Tayala la kumanzere linauma gwa. Madala anapita kuseri kwa wheel cylinder n'kutsegula pang'ono kanipo kaja timabulidira mabuleki pochotsa mpweya m'mapayipi. Fluid anathovoka kuti tsaa, popanda wina woponda pedulo, ndipo tayala linamasuka pomwepo. Phazi likachoka pa pedulo, m'mapayipi a galimoto ngati iyi simuyenera kutsala mphamvu yotero. Fluid akangodontha mwaulesi tayala n'kukhalabe lolimba, vuto ndi la zitsulo m'dilamu, mwina pisitoni ya wheel cylinder yajama. Akathovoka tayala n'kumasuka, pali chomwe chikumutsekera njira yobwerera.

Chotsala chinali kupeza pomwe patsekeka. Ndinapondanso mpaka tayala linamanga. Ulendo uno kanipo sanakakhudze, anamasula polumikizira payipi yachitsulo ndi payipi ya rabala ija imatsikira ku tayala, mbali yoyang'ana kutsogolo. Panangonyowa pang'ono, tayala osasintha. Atatsegula kanipo, tsaa, lamasuka. Ndiye kuti chotchinga chinali pakati pa malo awiriwo, m'payipi ya rabala.

Kunja inkaoneka yabwinobwino, yopanda mng'alu kapena chotupa. Koma ataipukuta, chapakati pake panaoneka timabala toyang'anana, mano a vice grip. Posintha wheel cylinder ambiri amafinya payipi imeneyi kuti fluid asatayike. Payipi yatsopano mwina imapirira, koma yoti yakhala zaka m'kutentha kwa kuno rabala wa m'kati amasweka. Madala anaidula ndi mpeni pomwe panali timabalapo n'kundipatsa kuti ndione. Kabowo koyenera kukhala kozungulira kanali katapinimbira, ndipo kachidutswa ka rabala kanali katasendeka n'kumalendewera m'kati. Phazi likaponda mphamvu ndi yaikulu, fluid amakankha kachidutswako n'kudutsa. Pobwerera omukankha ndi masipuling'i okha, ndiye kachidutswa kaja kamagwera panjira. M'chigwa momwe umaponda buleki mwa apo ndi apo, fluid ankapeza nthawi yobwerera pang'onopang'ono. Paphiri ndinkapondanso asanabwerere, ma shoes n'kumakhuza, kutentha n'kumafutukula fluid wotsekeredwayo, buleki n'kumangirangira. Tinasintha mapayipi a mbali zonse ziwiri poti anali a msinkhu umodzi.

Tayala likanamasuka pomasula polumikizira paja, tikanaloza kutsogolo. Kawirikawiri zikatero amamanga ndi matayala angapo, osati limodzi. Poyamba muone ngati pedulo ili ndi kampata koyenda yokha isanayambe kukankha master cylinder (pampu yotumiza fluid kumatayala), timamilimita tochepa tomveka mukaikankha ndi chala. Kakasowa, mwina chifukwa wina anachuna kandodo ka pedulo kapena analowetsa kwambiri switchi ya magetsi a buleki, pisitoni ya mu master sibwerera mpaka kumapeto ndipo kabowo kobwezera fluid m'kabotolo kamakhala kotsekeka. Chinanso ndi mafuta olakwika. Alipo amene fluid akachepa panjira amathiramo ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki) kapena oyilo wa injini. Mafuta amenewa amatupitsa marabala onse a mabuleki. Tsegulani chivundikiro cha kabotolo, mukapeza rabala wake watupa n'kupindikapindika, konzekerani kusintha marabala onse ndi kutsuka mapayipi.

Buleki yoti yapsa chonchi imasiya zina zofunika kuziona ngakhale vuto lenileni litatha. Ma shoes a kumanzere anali atachita galasi pamwamba, ndiye tinawakwecha pang'ono ndi sandipepa, atanyowetsedwa kuti fumbi lisauluke, mpaka kunyezimira kunatha. Akanakhala ong'aluka kapena lining itayamba kumatuka, tikanasintha a mbali zonse ziwiri, chifukwa ma shoes sasinthidwa mbali imodzi. Masipuling'i a mbali imeneyo tinasintha ngakhale anali atsopano, poti sipuling'i ikapsa imafooka osaonetsa. Bering'i ya tayala anaizunguza n'kuimvetsera, inali bwino. Fluid tinasintha yense pobulida. Brake fluid amayamwa chinyezi, ndipo akayamwa amawira msanga. Fluid wa mtundu wa DOT 3 akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma wa chinyezi muyezo wake umatsika kufika pa 140. Wa DOT 4 ndi 230 ndi 155. Fluid akawira m'payipi pedulo imangopita pansi yopanda kanthu, ndipo pa makhotakhota a ku Thabwa imeneyo si nkhani yoseka. Ndiye gulani wa m'botolo lomata, osati wopungulira m'kabotolo ka zakumwa yemwe simukudziwa kuti wakhala potsegula nthawi yaitali bwanji.

Pali kumanga kwina kwa nthawi ya dzinja komwe anthu amakusokoneza ndi zonsezi. Wadutsa m'madzi madzulo, wafika pakhomo n'kukoka handibuleki, m'mawa galimoto ikukana kusuntha, kenako ikuti pha n'kunyamuka. Amenewo ndi ma shoes onyowa omatirira ku dilamu ndi dzimbiri la usiku umodzi, ndipo sipafunika kugula kanthu. Mukatuluka m'madzi yendani kamtunda mukuponda buleki mopepuka kuti m'madilamu muume. Ngati pakhomo ndi pathyathyathya, monga mmene alili makomo ambiri kuno, isiyeni m'giya kapena pa P, muike mwala kutayala, handibuleki igone pansi mpaka m'mawa.